Tikufuna kugula ndege imodzi anthu asanu kuno ku Kasungu, tiyendetse bwanji kuti tisadzadane?

Mlimi_wa_kwa_Chulu

Akuluakulu, moni nonse. Ndikudziwa ena mwangoona mutuwu mwayamba kale kuseka, sekani bwino palibe mlandu, koma mukamaliza mundigaireko nzeru chifukwa nkhaniyi tinayamba kuyikambirana tikukolola soya, pano anthu akuthirira nazale za fodya koma sitinamange chimodzi.

Tilipo anthu asanu. Ineyo ndi mnzanga wina tili ndi laisensi ya PPL, yoyendetsera ndege mwa iwe wekha osati ya ntchito, tinaphunzira ku South Africa nthawi yomwe tinkagwira ntchito kumeneko, pano tonse tinabwerera kumudzi, ine ndikulima fodya ndi soya iye ali ndi shopu ya zipangizo zomangira pa boma. Wachitatu ndi mkulu wina amene anayendetsa ndege zonyamula alendo zaka zambiri asanapume. Awiri otsalawo alibe laisensi, mmodzi akufuna kuphunzira, winayo ananena poyera kuti iye zoyendetsa ayi, akungofuna akakhala ndi ulendo wa ku Likoma kapena ku Mzuzu wina wa ife azimunyamula.

Vuto lathu a laisensife ndi loti pepalalo likungogona m'sutikesi. Lamulo limati kuti unyamule munthu uyenera kukhala utanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo, ndiye ine chaka chimatha osakhudza ndege, ndikapita ku Joni ndimachita kulipira lendi ya ndege pamodzi ndi mphunzitsi kuti manja akumbukire, ndalama yake ukaiwerengera mu kwacha mutu umawawa. Ndiye tinati bwanji tisonkherane tigule yathu. Tikuyang'ana Cessna 172 yakale ya m'ma 1970, ya mipando inayi, injini ya Lycoming O-320. Tizisunga pa bwalo lathu la Kasungu lomweli, paja boma ndi UNICEF anatsegulira malo oyesera ma drone mu 2017.

Ndalama yogulira tikuona kuti tiipeza tikagulitsa fodya ku Chinkhoma chaka chamawa, aliyense gawo lofanana. Pomwe tikukokanakokana ndi pambuyo pogula. Wina akuti zonse tizigawana pasanu mwezi ndi mwezi, wina akuti ayi amene wauluka kwambiri azilipira kwambiri. Wina akuti tilembetse kampani, wina akuti zamapepala n'kutaya ndalama poti tonse timadziwana, ena ndife pachibale. Nanga awiri akaifuna tsiku limodzi? Nanga wina akatera moipa n'kupinda pulopela alipira yekha kapena tonse? Nanga wina akatopa nazo n'kufuna ndalama zake? Palinso ganizo loti masiku amene ikungokhala tizinyamula anthu olipira kuti izidzidyetsa yokha.

Amene munakhalapo mu kalabu ya ndege, kaya munagulapo chinthu chachikulu mogwirizana ngakhale chigayo, tiuzeni momwe munkayendetsera ndi pomwe zinakuvutani. Osabisa chonde.

Kabaza_wa_pa_Depoti

Kkkkk koma ku Kasungu kuli ndalama eti. Ife tikugona pa mzere kudikira petulo wa njinga inu mukukamba za ndege. Mukagula mundiuze bwana ndizikunyamulirani zigubu, mtengo tikambirana. Koma kunena zoona, ine ndi mnzanga tinagula njinga yamoto imodzi anthu awiri, isanathe miyezi 6 tinali titakhala kale pabwalo kwa amfumu. Awiri okha amenewo, njinga yoyenda pansi. Inu asanu, chinthu chake chouluka, kaya.

Madala_Sipanala

Bambo a kwa Chulu, ine sindiseka ayi. Ndagwira sipanala pa ndege zing'onozing'ono mpaka maso anayamba kundikana, ndiye ndikuuzani za mbali yanga, za malamulo a gulu ena akuuzani.

Pa 172 sindikutsutsani. Anayamba kuzigulitsa mu 1956 ndipo zapangidwa zoposa 44,000, makaniko aliyense wa ndege amaidziwa ngati nyumba yake, zipangizo zake zimapezeka. Koma mukapita kokaona musathamangire penti ndi mipando, yambani mwapempha ma logbook, la ndege, la injini, la pulopela. Ndege yopanda mabuku okwanira isiyeni ngakhale ikhale yotchipa bwanji. Injini imeneyo a Lycoming amati iphwasulidwe n'kukonzedwa yonse ikakwana maola 2,000 kapena zaka 12, chomwe chayamba kukwana. Wogulitsa adzakuuzani kuti injini yangoyenda maola 600 okha, inu n'kusangalala, osafunsa kuti maola 600 amenewo yayenda m'zaka zingati. Ngati ndi zaka 20 ndiye kuti yakhala ikugona, ndipo injini ya ndege imafa ndi kugona kuposa kuyenda. Pa Lycoming camshaft, chitsulo chotsegula ma valavu, ili pamwamba, oyilo amatsika yense ikaima masabata ambiri, dzimbiri n'kuyamba pamenepo. Tumizani makaniko wanu, wolipidwa ndi inu osati mnzake wa wogulitsa, akayeze compression, mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda, akadule fyuluta ya oyilo aone ngati muli tizitsulo, asuzumire mkati mwa mapiko makamaka ngati ndegeyo inkakhala kufupi ndi nyanja yamchere ngati ku Durban.

Tsopano apa ndi pomwe magulu ambiri amagwera. Ola lililonse limene mwauluka mwadya kachidutswa ka injini, koma bilu yake siibwera lero, imabwera kamodzi patapita zaka. Tingoyerekeza kuti kukonza injini yonse kudzakudyerani madola 40,000, gawani ndi maola 2,000, ndiye kuti ola lililonse madola 20 azilowa mu thumba lapadera limene munthu sakhudza ngakhale kugwe maliro. Ndipo ngati mwagula ndege yoti injini yayenda kale maola 1,500 musagawe ndi 2,000 ayi, mwatsala ndi 500 okha, ndiye ndi madola 80 pa ola kapena muchotse ndalamayo pa mtengo wogulira. Amene saika thumba limeneli tsiku lake likafika amayang'anizana, wouluka pang'ono uja amati ine ndilipire chani poti amene anatha injini ndi uyu.

Oyilo ndi maola 50 aliwonse kapena miyezi inayi, kuyendera kwakukulu pa maola 100 ndi kwa pachaka, ndipo wosainira ayenera kukhala injiniya wa laisensi yovomerezeka ndi a Malawi Civil Aviation Authority. Mnyamata wowotcherera wa kumsika ngakhale ali ndi luso lotani sakhudzapo. Ndiye werengerani kuti muzipita nayo ku Lilongwe kapena muzimulipirira munthu ulendo kubwera ku Kasungu, zonsezo ndi ndalama.

Mafuta nawo. 172 imamwa malita 30 kapena kuposerapo pa ola, ndipo si petulo wa a Kabaza, ndi avgas 100LL, wabuluu uja. Pa Kasungu pampu yake palibe, muzichita kututa m'madiramu, ndiye diramu ikakhala padzuwa masana usiku n'kuzizira imapanga madzi mkati, musamathire osasefa ndipo musanauluke muzikha pang'ono pansi pa thanki kuona ngati mulibe madzi. Wina adzabwera n'kukunyengani kuti injini zakalezi zimalola petulo wagalimoto. Kunja zilipo zololedwa ndi pepala lapadera, koma pepala limenelo limakana petulo wosakaniza ndi ethanol, pamene wathu kuno amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka madzi ndipo amadya mapaipi a labala. Musayerekeze.

Chomaliza, musagule musanapeze poisunga pofolera ndi mlonda. Ndinaonapo ndege itangokhala panja masabata atatu mavu atamanga dothi m'kapaipi koyezera liwiro, mbalame zitaika chisa pamwamba pa injini, makoswe atadya mawaya. Osanena za ana okonda kulendewera pa mapiko ndi mbuzi zodya pa bwalo.

Mayi_wa_kwa_Kamwendo

Ine za ndege sindidziwa kanthu, ndinakwerapo kamodzi basi, koma poti mwati ngakhale a chigayo ayankhe ndiye ndabwera. Kwathu kuno ku Mchinji tinagula thirakitala alimi 8, ine ndinali msungichuma zaka zitatu mpaka ndinatula pansi ndekha. Achimwene, mawu aja akuti timadziwana, ena ndife pachibale, ndi omwewo amene tinanena ifenso. Amati chibale ndi fupa sichiola, zoona, koma ndikuuzeni kuti chibale chomwecho ndi chimene chimakumanga pakamwa, mlamu wako akapanda kusonkha miyezi itatu umayamba bwanji kumukumbutsa, mawa lake mukumana pa chinkhoswe.

Ife chinatipha ndi chakuti tonse tinkaifuna sabata imodzi. Chaka chonse thirakitala ili phee pansi pa mtengo wa mango, mvula yoyamba ikangogwa aliyense akufuna munda wake uyambe, ndiye amene amasunga makiyi ndi amene ankayamba, kenako achibale ake, ife a kutali tinkalima anzathu chimanga chitamera. Inunso zidzakhala choncho, simudzalimbirana Lachiwiri la mu February ayi, mudzalimbirana Khirisimasi, Isitala ndi Loweruka la ukwati. Ndiye gawanani masiku akuluakuluwo chaka chisanayambe, chaka chino uyu chaka chamawa uyo, zilembedwe.

China, ankabweza thirakitala itawonongeka osanena. Wotsatira akapita akupeza giya sikulowa, ukafunsa aliyense akuti ine ndinaisiya ili bwinobwino. Tinadzaika buku mochedwa loti wotenga ndi wobweza asaine, koma nthawi imeneyo n'kuti anthu atasiya kale kupatsana moni. Inu chanu chikawonongeka wina n'kubisa si nkhani ya giya, ndi moyo wa mnzanu wotsatira. Ndiye lamulo lanu lisakhale lolanga kwambiri munthu amene wanena yekha kuti ndalakwitsa, mukatero mudzaphunzitsa anthu kubisa. Wobisa ndiye alangidwe zenizeni.

Koma chimene ndikufuna mumve kwambiri ndi cha wotuluka. Mmodzi wa ife anamwalira, ana ake anabwera kuti tikufuna gawo la bambo athu, pa mtengo umene anagulira, pomwe thirakitala inali itatha kale theka komanso malemuwo anasiya ngongole ya masonkho. Panalibe pepala lililonse lonena zoti zikatero titani. Zinafika pa mwana wakana phala, tinagulitsa thirakitala motchipa kwa munthu wa ku Chipata kuti tingogawana zithe. Ndiye musanapereke ngakhale tambala khalani pansi ndi loya, mulembe kuti wofuna kutuluka apereke chidziwitso cha miyezi ingati, otsalawo ndi amene ayambe kupatsidwa mwayi wogula, mtengo wake auone munthu wapadera osati mwini gawo, ndipo wobwera watsopano avomerezedwe ndi onse. Mulembenso za imfa, za banja likatha, za amene wasiya kusonkha kuti pakatha miyezi ingati makiyi amulandidwe. Lembani pano mukusekererana, mukadzayambana palibe adzavomere chiganizo chilichonse.

Ndipo ndalama isamakhale pa foni ya munthu. Akaunti ya ku banki, osainira awiri, sitetimenti aliyense aziiona mwezi uliwonse. Ine ndinatchedwa wakuba chifukwa cha dizilo amene ndinagula ndi ndalama yanga.

Wa_ku_Joni_ZS

Achimwene, ine ndili mu gulu lotere kuno ku Johannesburg, tilipo anayi pa ndege imodzi, chaka chachisanu tsopano. Mkangano wanu woti tigawane pasanu kapena alipire wouluka, onse awiri akunena zoona, kungoti akukamba ndalama ziwiri zosiyana. Pali ndalama imene imatuluka ngakhale ndege isanagwedezeke, inshulansi, hangar yosungiramo ndege, mlonda, kuyendera kwa pachaka, mapepala aboma. Imeneyo ndi pasanu, mwezi uliwonse, kaya wauluka kaya uli kuchipatala kaya uli kumunda. Ndiye pali imene imatuluka chifukwa injini yalira, mafuta, oyilo, matayala, mabuleki, ndi thumba la injini lija anena a Madala. Imeneyo ndi pa ola, wouluka yekha. Mukasakaniza ziwirizi wina adzakhala akudyera mnzake ndipo adzazindikira.

Gwirizananinso kuti ola mukuliwerenga pa wotchi iti. Mu ndege mumakhala Hobbs imene imawerenga nthawi yeniyeni injini ikangolira, ndi ya tach imene imayenda pang'onopang'ono injini ikamalira motsika. Ife tinasankha tach chifukwa pa Hobbs anthu ankathamangira kunyamuka injini isanatenthe bwino kuti asalipire mphindi zoima pansi. Aliyense amajambula wotchi ndi foni asananyamuke ndi atatera n'kuponya pa gulu la WhatsApp, mkangano unathera pomwepo. Mafuta ife timawerengera mu mtengo wa pa ola, amene wathira kwina ndi ndalama yake amabweretsa lisiti n'kumuchotsera.

Pulopela ikapindika, kwathu woyendetsa tsikulo amalipira excess ya inshulansi, ndalama yoyamba ija imene a inshulansi amasiyira mwini, zotsala ndi za inshulansi. Koma ngati waphwanya lamulo la gulu, mwina wanyamula mopyola kapena wabwereketsa munthu amene dzina lake silili pa inshulansi, zonse ndi zake. Ndipo dziwani kuti pulopela ikagunda pansi si kungosintha pulopela, injini nayo imayenera kutsegulidwa kuti aione mkati, ndiye si ndalama yamasewera.

Kampani lembetsani, musamvere zoti n'kutaya ndalama. Ndege ikhale ya kampani inu mukhale ndi masheya, wotuluka amagulitsa sheya basi osasintha mapepala a ndege, komanso ikagwera pa nyumba ya munthu mlandu usayambire pa munda wanu wa fodya. Ngati mukuigula kuno iyenera kufufutidwa pa kaundula wa ZS wa ku South Africa n'kulembedwa pa 7Q ya kwathu, a Civil Aviation aione apereke chiphaso, a MRA nawo ali ndi mbali yawo, zonsezi zifunseni musanalipire osati ndege ili kale pa bwalo la KIA ku Lilongwe.

Zonyamula anthu olipira zija iwalani. PPL siilola kulandira malipiro, pamafunika laisensi ya CPL, yoyendetsera ndege ngati ntchito, ndipo kampaniyo ikhale ndi chiphaso chonyamulira anthu cha AOC, inshulansi yakenso ndi ina. Mukachita mozemba tsiku la ngozi a inshulansi adzangofunsa wokwerayo kuti munalipira, akati eya basi ndalama yanu yalowa m'madzi.

Koma ine chondidetsa nkhawa pa inu ndi kwacha. Chilichonse cha ndege ndi dola, ngakhale ka pulagi. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Thumba la injini losungidwa mu kwacha zaka 10 lidzagula matayala okha. Mtengo wa pa ola muuike mu dola, muzilipira mu kwacha pa mtengo wa tsikulo, ndipo poti fodya mumagulitsa pa mtengo wa dola kafunseni ku banki za akaunti ya ndalama zakunja. Ndiyeno werengani moona mtima kuti pa chaka mudzauluka maola angati nonse pamodzi. Tiyerekeze zolipira zosasintha zija ndi madola 10,000 pa chaka, mukauluka maola 200 ndi madola 50 pa ola, mukauluka 50 okha ndi 200 pa ola musanathire ndi dontho la mafuta lomwe. Anthu pogula amalonjeza maola ambiri, chaka chachiwiri ndege ili phee.

Mlimi_wa_kwa_Chulu

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Mayi a kwa Kamwendo mwandilasa penipeni chifukwa amene akukana za loya ndi alamu anga enieni, ndawatumizira zimene mwalembazi sanayankhe mpaka pano kkkk. A Madala, ndege imene tinaiona pa intaneti analemba kuti injini maola 740, chaka sanalembe, ndafunsa lero.

Achimwene a ku Joni, pa maola ndiye mwandigwira. Ndakhala pansi ndi pensulo, ineyo kuyambira November mpaka April ndimakhala kumunda ndi kuzigafa, ndikaulukadi ndi maola mwina 25 pa chaka, mnzanga wa shopu chimodzimodzi. Tonse pamodzi 100 sitifika pokhapokha wophunzira uja aziphunzirira pa ndege yomweyi. Koma pa zonyamula anthu ndifunsebe, nanga mnzathu wosayendetsa uja, poti ndi mwini gawo, ine ndikamuperekeza ku Likoma iye n'kulipira maola onse, pamenepo ndalakwa? Ine sindilandira kanthu m'thumba. Komanso iyeyo ndi munthu wa maulendo adzidzidzi, amatha kuimba 5 koloko m'mawa kuti tiyeni.

Mwera_wa_pa_Nyanja

Funso lanulo lembani kalata kwa a Civil Aviation akuyankheni pa pepala, ndipo yankholo mukawaonetsenso a inshulansi, musadalire za pa foni kapena za ife pano. Zophunzitsira nazonso chimodzimodzi, pamafunika mphunzitsi ndi sukulu yovomerezeka, ndipo inshulansi imakwera pakakhala wophunzira.

Koma ine chandiimitsa ndi chiganizo chanu chomaliza, cha 5 koloko m'mawa. Munthu ameneyo sakugula gawo mu kalabu, m'mutu mwake akugula galimoto yokhala ndi madalaivala atatu aulere. Tsiku lina adzakhala ndi maliro ku Mzuzu, mwambo ukuyamba 10 koloko, kumwamba kwatseka, inu mukuti sitinyamuka iye akuti ndinalipira ndalama zanga. Ndipo ndi munthu amene mumamupatsa ulemu, kukana kumavuta. Njira yochoka ku Kasungu kupita ku Mzuzu imadutsa pa mapiri a Viphya pomwe mitambo imakhala pansi penipeni nyengo yozizira. Tonse tikukumbuka pa 10 June 2024 ku Chikangawa, ndege ya Dornier 228 imene inanyamula malemu a Saulos Chilima ndi anthu ena 8 pa ulendo wa ku Mzuzu, nyengo inali yoipa. Inu muli ndi PPL yoyendera maso, masana okha, maola 25 pa chaka. Mu malamulo anu mulembe ndi zilembo zikuluzikulu kuti woyendetsa akati ayi ndi ayi, palibe kufunsa chifukwa, palibe kuimbira woyendetsa wina kuti ayeseko.

Chinanso, mipando inayi isakunamizeni. 172 yakale imanyamula makilogalamu pafupifupi 400, kuphatikiza mafuta. Mukadzaza malita 150 a avgas mwachotsa kale makilogalamu oposa 100, zotsalazo ndi akuluakulu atatu ndi tizikwama, ndiye wina akufuna kubwera ndi thumba la usipa kuchokera ku Likoma. Komanso Kasungu ali pamtunda wa mamita oposa 1,000. Mu October masana kukatentha kufika madigiri 33 mpweya umapepuka, ndege imamva ngati ili pa mafiti 6,000 ndi kuposa, imathamanga mtunda wautali isanadzuke ndipo imakwera mwaulesi. Nyamukani m'mamawa. Miyezi yomweyo utsi wa moto wa m'tchire umaphimba moti phiri la Kasungu umaliona utayandikira, dzinja ndiye mabingu a masana ndi mabwalo a udzu oterera. Miyezi yabwino yeniyeni ndi yochepa ndipo nonse mudzaifuna yomweyo, monga anenera mayi aja.

Mkulu wopuma uja ndiye chuma chanu. Mpatseni mphamvu zoti aliyense amene watha miyezi iwiri osauluka ayambe wakwera naye, ndipo bwalo lililonse lachilendo, kaya Likoma kaya Lifupa m'nkhalango ya Kasungu muja, koyamba muzipita naye. Ndipo wina asadzaganize zoti poti Chipata ndi pafupi angodumpha malire, pamafunika flight plan, pepala lonena za ulendo wanu, chilolezo, ndi kudzera pa bwalo lokhala ndi a kasitomu ndi a imigireshoni mbali zonse.

Madala_Sipanala

Ndawerenga za maola anuwo bambo. Ngati simufika 100 pa chaka ndipo okonda kuuluka enieni ndinu atatu, taganiziraninso za kandege ka mipando iwiri ka injini ya Rotax 912, monga ma Sling amene amapangidwa ku Johannesburg kapena Bat Hawk imene oyang'anira nyama amaigwiritsa ntchito poyendera nkhalango. Mafuta imamwa theka la a 172, ndipo Rotax imalola petulo wagalimoto wa octane wokwera, ethanol osapyola 10 peresenti, ndiye petulo wathuyu muzichita kumuyeza kaye osangothira. Kuipa kwake katundu ndi wochepa, bwana wa ku Likoma uja sadzakondwa, komanso zambiri mwa izi ku South Africa zili pa kaundula wa ZU, wa ndege zopanda chiphaso chonse ngati cha Cessna, osati ZS, ndiye mufunse kaye ngati kuno angazilembetse komanso ngati alipo injiniya wosainira Rotax pafupi. Koma ngati cholinga ndi choti laisensi isafere m'sutikesi, kameneko kakukwanirani. Ine mtima wanga uli pa Cessna, koma thumba ndi lanu.

Mayi_wa_kwa_Kamwendo

Alamu anuwo akapanda kuyankha musawakakamize achimwene, ingoyambani kusonkha kaye ndege musanagule. Tsegulani akaunti, aliyense aziponya ndalama ya pamwezi ija miyezi 6 ngati kuti ndege ilipo kale. Amene adumphe mwezi wa January ndi February, nthawi ya feteleza ndi fizi, mwamudziwa popanda kukangana naye, ndipo mumubwezera zake mwamtendere.

Mlimi_wa_kwa_Chulu

Wogulitsa uja wayankha, akuti injini anaikonza mu 2004. Ndiye a Madala imeneyo taisiya. Takumana atatu dzulo madzulo kuseri kwa shopu, alamu sanabwere akuti anali ku dimba. Mkulu wopuma uja wagwirizana ndi zonse za a Mwera ndipo wanena yekha kuti bwana wa maulendo adzidzidzi tikamuuze bwinobwino kuti kalabu si imene akufuna, ntchito yokamuuzayo andipatsa ine poti ndi ine ndinamubweretsa, mundipempherere. Zosonkha miyezi 6 tiyamba pa 1 October, msungichuma ndi mnzanga wa shopu, wosainira wachiwiri ndine. Kalata ya ku Civil Aviation ndilemba sabata ino, ndifunsa za mwini gawo wosayendetsa ndi za ZU pamodzi. Achimwene a ku Joni, ngati gulu lanu lingalole nditumizireni malamulo anu ku inbox mutafufuta mayina, loya wathu ayambire pamenepo.

Kabaza_wa_pa_Depoti

Ndiye malo a bwana akutulukawo ndi zingati? Ndikufunsira mnzanga kkkk.